Chigamba cha Kraljevo

Desanka anali kupinda siketi ya kasitomala pamene mawindo a shopu yake anayamba kunjenjemera. Sanadzutse n'komwe mutu. Kulira kwa njinga yamoto ya mwana wake Vukašin ankakudziwa bwino, ndipo kunali kutamutopetsa kalekale.

Vukašin analowa, chimunthu cha zaka makumi atatu ndi zinayi, ndevu mpaka pachifuwa, koma chosadziwabe kupukuta nsapato pakhomo. Anavula jekete yachikopa ya gulu lake la njinga zamoto la Akhwangwala, yokhala ndi chithunzi cha khwangwala kumsana, n'kuiyala pamakina osokera. Pamwamba pake anaikapo chigamba chatsopano cholembedwa dzina la tauni yawo, Kraljevo.

"Mundisokere kumsanaku, Mayi, m'munsi mwa mbalameyi. Loweruka tikuyenda tonse mumsewu waukulu."

Desanka anachikankhira pambali chigambacho. Ngakhale wogulitsa burek, timakeke ta nyama, pakona ankalidziwa lamulo lake: dzina la tauni limavalidwa ndi gulu limodzi basi. Kwa zaka khumi linali pamsana pa a Zinkhanira, eni malonda a mankhwala ozunguza bongo m'mabala onse. Wina kulivala kunali kuputa nkhondo.

"Atambala awiri salira m'khola limodzi, mwana iwe."

"Ndiye tiona tambala weniweni."

"Tambala wake iweyo? Amene umakomoka ukaona jakisoni?"

"Mayi, musayambe. Tagwirizana kale. Wokana kuvala atuluke m'gulu, ndipo mukudziwa mmene munthu amatulukira."

"Pita nacho kwina."

"Ndipita kwa telala wa kusiteshoni. Akakana ndimata ndi guluu. Kuvala kokha ndivala."

Desanka anavula magalasi n'kutikita m'maso. Kwa wansembe anapitako, makiyi a njinga anabisapo, kulira analira mpaka misozi inamuthera. Zonsezo zinali madzi othira pamsana pa bakha.

"Tandiuza za mnzako Strahinja," anatero. Strahinja ndiye anayamba kuvala dzinalo mu Epulo, ndipo mwezi womwewo anamuika m'manda. "Paja mumati a Zinkhanira amangofuna chigambacho. Nanga anamubayiranji?"

Vukašin anayang'ana pansi. "Anamupeza akumwetsa njinga mafuta, iwo ali anayi. Ankafuna angochithothola akachipachike chozondotsa m'bala mwawo, kuti tichite manyazi. Anakoka, anakoka, osatheka. Ndiye wina anasolola mpeni kuti achidule, iye n'kumaphiriphitha. Basi." Kenako anamwetulira pang'ono. "Anyamata amati pomwe asoka Mayi Desanka, ngakhale satana sathothola."

Iye ankati akuwayamikira mayi ake. Koma chigamba cha Strahinja anasoka ndi Desanka yemweyo, mizere iwiri, ndi ulusi wa nsapato.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere," anatero motsitsa mawu. "Pita ukandigulire buledi. Ukamabwera upeza ndatha."

Njinga itachoka, anatsegula kabati n'kutulutsa ulusi wofooka wongogwirizira nsalu poyesa kasitomala, umene umaduka ndi zala. Anasoka pamanja, motalikitsa, n'kubisa ulusiwo m'mphepete mwa chigamba. Pa zaka makumi anayi za utelala, palibe amene anabwezapo chovala kwa iye kuti chasosoka, ndipo manja ake ankachita ngati akukana. Ankadziwanso chimene Akhwangwala amachita ndi munthu wolandidwa chigamba: amamuthyola nthiti, kumulanda jekete, n'kumutaya kunja kwa gulu. Koma wothyoka nthiti amabwera kunyumba, umamuphikira supu.

Vukašin atabwera anavala jeketeyo n'kudzipotokola pagalasi, akunyadira ngati mkwati.

"Chalimba, Mayi?"

"Chalimba," anatero Desanka, maso ali pa siketi ya kasitomala. "Loweruka ukavale malaya okhuthala m'katimo. Pansi pamsewu m'pozizira."