Zipupa Zoyera

Anthu ankamutchula kuti Bulashi, chifukwa ntchito yake inali yopenta nyumba, ndipo ngakhale ku maliro ankafika ndi madontho oyera m'tsitsi. Ankakhala kumunsi kwenikweni kwa msewu, kumene madzi a tauni yonse ankathera mvula ikagwa. Akumtunda anathira simenti pabwalo ponse, madzi n'kusowa kolowera, ndiye ankatsika ndi mabotolo ndi zinyalala kudzagogoda kwa Bulashi. Chaka chilichonse ankasiya mzere wakuda pachipupa, wina wa m'mawondo, wina wa m'chiuno.

M'nyumbamo munalinso bambo ake, amene anaimanga ndi manja awo asanafe ziwalo mbali imodzi. Madzi akayamba kulowa, Bulashi ankawanyamula n'kuwakhazika patebulo, iwo n'kumaseka kuti akwezedwa pantchito. Mlongo wake wamkulu, namwino wa kumzinda wina wakutali, sankaseka nawo.

"Chaka chino ndi chomaliza," anatero pafoni. "Ngalande ikapanda kukumbidwa, ndikubwera kudzawatenga. Sindikufuna kudzamva kuti bambo afera patebulo."

"Achemwali, mukawachotsa muno mwawapha."

"Ukawasiya mmenemo, wawapha ndiwe."

Kenaka kunamveka kuti bungwe lina lapereka ndalama ku khonsolo zothandizira dera limodzi losefukira: ngalande yeniyeni, ndi matanki akuluakulu apansi osungira madzi a mvula. Komiti ya msewu inadzaza mafomu mpaka zolembera kutha inki. Yankho linabwera lakuti akatswiri afika Lachinayi kudzaona okha.

Atcheya a komiti, bambo wogulitsa zitsulo zakale, anaitanitsa msonkhano pakhonde la shopu yawo.

"Alendo akubwera, anthuni. Tisadzichititse manyazi. Aone kuti kuno kumakhala anthu, osati nkhumba."

Palibe anatsutsa. Ndani amalandira mlendo pabwalo losasesa? Amayi anakokolola matope ouma m'makonde, abambo anavuula matayala ndi nsanza m'kamfuleni ka m'mbali mwa msewu. Bulashi, mtima uli m'mwamba, anatulutsa zitini zonse za penti zimene anatsala nazo m'maganyu a zaka zisanu. Masiku atatu anapenta osalipiritsa munthu, nyumba ndi nyumba, kuyambira yake. Pa mizere yakuda ija ankabwereza kawiri, chifukwa inali yaliuma.

Lachinayi kunabwera mayi injiniya atavala majombo, anzake awiri ali pambuyo ndi kamera. Anayang'ana msewu woseseka uja, n'kuyang'ana majombo awo.

"Madzi amafika pati?" anafunsa.

"Apa, mayi," anatero Bulashi, atagwira m'chiuno. Anatembenuka kuti aloze pachipupa, koma chala chake chinasowa poima. Chipupa chinali mbee ngati cha kuchipatala.

Wa kamera anajambula chipupacho. Atcheya ankangomwetulira, amayi a mumsewu n'kumalulutira.

Patatha mwezi, mndandanda unamatidwa pabolodi ya ku khonsolo. Ndalama zinapita ku dera la magalaja, kutsidya kwa njanji, kumene amakaniko sanasese n'komwe. Bulashi anakhala pabenchi ya m'khonde la ofesi kuyambira m'mawa mpaka masana, kufikira mayi injiniya aja anamuzindikira n'kumulowetsa.

"Ine ndinakukhulupirirani, bambo," anatero, akutsegula faelo. "Koma a bungwe sanafike kwanu. Iwo amaona zithunzi basi. Taonani."

Anayala zithunzi ziwiri. China chinali cha ku magalaja: zipupa zamawanga, mzere wakuda pansi pa windo. Chinacho chinali cha nyumba ya Bulashi.

"Msewu wanu ukuoneka bwino kuposa wa kwathu. Kodi anapenta ndani?"

Bulashi anabisa manja pakati pa mawondo. M'zikhadabo munali mukadali moyera.

"Ndine, mayi. Ndikhoza kupala. Mizere ikadalipo m'kati, ndikuidziwa yonse pamene ili."

"Pepani. Mafomu anatsekedwa. Mwina pakatha zaka zitatu."

Madzi akatayika sawoleka. Anabwerera wapansi, ulendo wa maola awiri, ali ndi ndalama ya basi m'thumba, chifukwa sanafune kufika msanga. Mumsewu palibe anamunena. Bola akanamutukwana! Atcheya ankangomupatsa moni akuyang'ana kumbali. Bambo ake anauzidwa kuti ndalama zapita kwina, koma chifukwa chake panalibe wolimba mtima woti awauze.

Mitambo itayamba kuda, mlongo wake anafika ndi galimoto yahayala. Sanakalipe. Anapinda malaya a bambo awo, anaika mankhwala m'kabokosi, anafunsa kumene kuli magalasi awo. Mkuluyo sanakane, ndipo zimenezi ndi zimene zinam'pweteka Bulashi koposa. Anangopempha kuti agwire chitseko asanatuluke, n'kuchisisita ndi dzanja lija linali lamoyo.

Atawakhazika kumpando wakumbuyo, dalaivala analiza injini. Mkuluyo anagogoda pagalasi kuti alitsitse. Anayang'ana nyumba yawo nthawi yaitali, kuyambira padenga mpaka pamaziko, kenaka anakodola mwana wawo.

Bulashi anawerama. Anaganiza kuti bambo ake adziwa chifukwa chimene ndalama zija zinapitira kwina.

"Iwe," anatero bambo ake ndi lilime lolemera lija, maso ali ndi misozi yachimwemwe. "Zaka makumi anayi ndakhala muno, sinakongolepo chonchi. Wapenta bwino, mwana wanga. Usalole kuti ide."

"Chabwino, bambo," anatero Bulashi.

Galasi linakwera, galimoto n'kunyamuka.