Mwezi wa pa Nsalu

A Nyali anali ataonetsa kanema m'holo imodzi zaka khumi ndi zitatu, moti dzina lawo lenileni ngakhale eni holo anali ataliiwala. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka m'mwamba, kotentha ngati uvuni, momwe munali makina, mpando umodzi ndi kalendala yomwe inapachikidwa pongofuna kubisa mng'alu wa pakhoma. Pansi, pogulitsira matikiti, pankakhala mayi wina wamasiye amene aliyense ankangowatchula kuti a Pazenera.

Mayiwa nyuzipepala ankaiyambira kumapeto, pa tsamba la openda nyenyezi. Kwa iwo, mwezi ndiwo unkayendetsa mitima ya anthu, ndipo umboni wake ankaupeza m'makanema momwemo.

"Inu a Nyali kanema mumangoonetsa, simumuona," ankatero. "Anthu akamakangana, muziyang'ana kumwamba: mwezi wathunthu, mitu yatentha. Akamafunsirana kamakhala kamwezi kakang'ono, kongobadwa kumene."

A Nyali zimenezi sankazikhulupirira ngakhale pang'ono, koma ankatchera khutu chifukwa cha mwini mawuwo. Anawakonda mayiwa zaka zinayi osatsegula pakamwa, munthu wamkulu waimvi, kumangowatsitsira tiyi m'mawa uliwonse ngati kuti tiyi amalankhula. Lachisanu lina, pa 20, anadzilimbitsa mtima. Anaima pazenera ngati wogula tikiti, nanena kuti kukhala okha kwawakwana, akufuna banja.

A Pazenera anaweramitsa mutu n'kumasanja matikiti osanjidwa kale.

"Osati panopa, mwezi ukutha uwu. Mudzandifunsenso mwezi watsopano ukayamba."

A Nyali anakwera masitepe akumwetulira okhaokha. Pa 1 si patali kwa munthu amene wadikira zaka zinayi.

Lolemba pa 23, a Pazenera anafika atavala diresi lobiriwira, tsitsi lokonzedwa bwino, kafungo kabwino kakuwatsogolera. A Nyali anawapatsa moni, anayamikira diresilo, n'kukwera kumakina. Anauzidwa kudikira, ndiye ankadikira. Mawa lake tiyi anabwerera wosamwedwa. Lachitatu mayi wosesa m'holo, amene nkhani siigona m'kamwa mwake, anawanong'oneza kuti a Pazenera atsanzika ntchito. Loweruka likudzalo akusamukira kwa mwana wawo wamkazi, yemwe wakhala akuwaitana chaka chonse, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

A Nyali anakwera kumakina n'kukhala pampando paja. Kani kunali kuwakana mwaulemu? Anachita manyazi kufunsa, ndipo manyaziwo akanawaphetsa.

Lachisanu masana ankaonetsa kanema wachikondi yemwe anali atamuona kokwana makumi atatu. Anasuzumira pakazenera ka makina mongofuna kuiwala mavuto. Pa nsalu yoonetserapo kanema mwamuna anali atagwira dzanja la mkazi, ndipo pamwamba pawo panali kamwezi kopyapyala ngati chikhadabo. Kongobadwa kumene. A Nyali anatembenukira kalendala ija. Pansi pa masiku ena panali timabwalo tomwe iwo ankangoti n'tokongoletsa. Pansi pa 23 panali kabwalo kakuda ndi timawu tiwiri: mwezi watsopano.

"Chitsiru cha munthu ine!" anafuula, mpaka a mipando yakumbuyo anacheuka.

Kanema atatha ndipo anthu atatuluka, anamubweza m'mbuyo mpaka pamalo paja n'kumuimitsa. Kenaka anatsika.

"Amayi, tabwerani mudzaone, makina avuta."

"Ine ndi makina, wapi ndi wapi?" anatero a Pazenera osawayang'ana n'komwe. Komabe anadzuka.

M'holo munali zii, mipando yokhayokha. Kamwezi kaja kanali kataima pa nsalu, osasuntha.

"Amayi, ine ndimadikira pa 1," anatero a Nyali. "Mwezi womwe ndimaudziwa ine ndi wa malipiro. Wanu uja ndinauphonya, ndipo makina obwezera za kumwamba ndilibe. Koma uwu ndimatha kuubweza. Watsopano uwo. Ndikufunsanso."

A Pazenera anayang'ana nsalu ija. Kenaka phwete linawapulumuka, anaseka mpaka kugwira mpando, ndipo kusekako kunathera m'misozi.

"Ine kuvala diresi langa labwino, inu n'kungoti lakukhalani, basi! Ndinalira ine, mukudziwa?"

"Pepani, amayi. Pepani kwambiri."

Chiyamiko chinawadzaza a Nyali, mayiwa asanayankhe n'komwe. Anathokoza mumtima munthu wosamudziwa amene anajambula kamwezi kaja, anathokoza wosesa wa pakamwa pamatope, anathokoza ngakhale mng'alu wa pakhoma umene unabweretsa kalendala. Likanadutsa tsiku limodzi lokha, akanaima pazenera pa 1 n'kupeza nkhope yachilendo.

A Pazenera anapukuta maso ndi kansalu.

"Nyuzipepala ija inangoti mwezi watsopano. Sinanene kuti wa kumwamba kapena wa pa nsalu."

Anatsegula kachikwama kawo, natulutsamo tikiti ya basi ya mawa lake, n'kuiyika m'manja mwa a Nyali.

"Zaka zonsezi ndagulitsa matikiti, munthu wobweza tikiti ndimadana naye. Mawa mundiperekeze kudepoti, mukandilankhulire. Ine manyazi."