Diresi Lobiriwira la Alamu

Alamu anga anasiya kuyenda kolimbitsa thupi tsiku lina Lachiwiri, ndipo ine ndinapsa mtima ngati kuti mapazi amene anavutika pachabe anali anga okha. Ndinafika pakhomo pawo m'mamawa monga mwa masiku onse, nsapato zamphira nditamanga kale, koma ndinawapeza atakhala kukhitchini akuthira shuga mu tiyi osawerenga masupuni. Anati atopa. Anati thupi lawo lakana, ndipo munthu sangalimbane ndi thupi lake kawiri.

Kulimbana koyamba kunali kwa khansa. Madokotala anawachotsa bere lakumanzere, kenako kunabwera mankhwala a m'mitsempha aja amene anawathothola tsitsi n'kuwalanda chilakolako cha chakudya. Anaonda mpaka mphete inkavuka yokha akamasamba m'manja. Amuna awo, omwe ndi achimwene anga, ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba, momwe muli makina, tebulo lodulirapo nsalu ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Masiku amenewo achimwene ankachepetsa madiresi a alamu limodzilimodzi, koma nsalu yotsala sankaidula. Ankaipinda mkati n'kunena kuti tidzaimasula. Mbali yakumanzere ya diresi lililonse anasokamo kathumba koikamo kansalu kofewa, kuti mkazi wawo asamayende atapinda phewa.

Ndipo anadzaimasuladi nsaluyo. Alamu atachira anapatsidwa mapiritsi akumwa kwa zaka zingapo, ndipo mapiritsiwo pamodzi ndi manja a achimwene anagwira ntchito yoposa imene anatumidwa. Achimwene, munthu amene sankadziwa pokhala poto, anasanduka katswiri wokazinga mazira. Buledi ankamupaka batala ngati akumata ming'alu ya khoma. Aneba ankaima pamsewu n'kumayamikira kuti mayi achira, taonani masayawo, ndipo achimwene ankamwetulira ngati ndi iwo anawaumba.

Koma adokotala, mayi wamfupi wosapsatira mawu, sanamwetulire nawo. Anati kwa munthu amene anadwalapo matenda amenewa, thupi likachuluka limawonjezera mpata woti matendawo abwerere. Anati alamu achepetse shuga ndi zokazinga, achulutse masamba ndi zipatso, ndipo aziyenda. Achimwene anali pomwepo, anamva zonse n'kugwedeza mutu. Mwana wawo wamkazi anali atangoyamba sekondale, ndipo ine ndinadziwa kuti alamu ankawerengera mumtima zaka zimene zatsala kuti amalize.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitseko chimene alamu anagogoda chinali changa. Ndimakhala msewu wachiwiri kuchokera kwawo, ndipo nanenso si ine wowonda. Ndine munthu wokwera basi ngakhale popita poti ukhoza kuponyapo mwala. Komabe ndinavomera, chifukwa mayi ameneyu ndinamusambitsapo ali mafupa okhaokha, ndipo sindinkafuna kudzachitanso zimenezo.

Tinkatulukira khomo lakumbuyo kuti makasitomala asationere. Tinkadutsa pa bekale, pomwe fungo la buledi wotentha linkatiyesa ngati Satana, n'kuzungulira bwalo la mpira la sukulu, kenako kukwera kamtunda kopita ku thanki ya madzi. Masiku oyamba alamu ankaima pa mtengo wa magetsi wa pakati pa kamtundako, atagwira m'chiuno, dzanja lamanzere litatupa chifukwa cha opaleshoni ya bere ija, ine ndikuwauza kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Patapita miyezi, woima pa mtengo uja ndinali ine, iwo ali pamwamba akundifunsa ngati andiitanire ambulansi.

Sikelo anaikana. Ankati ikuwakumbutsa wodi, pomwe namwino ankalemba nambala n'kuyang'ana kumbali. M'malo mwake anasankha diresi lawo lobiriwira, lija ankalikonda kuposa onse, kuti likhale woweruza. Likadzayamba kukhwepa, ndiye kuti zikuyenda. Loweruka lililonse ankaliyesa pagalasi la kuchipinda, ndipo Loweruka lililonse linkawagwira m'chiuno chimodzimodzi. Ine ndinkaona ndi maso angawa kuti chibwano chabwerera, kuti khosi latuluka, koma ndikanena ankati ndikuwanyengerera ngati mwana. Munthu amene ananamizidwapo mwachikondi ali pabedi la chipatala sakhulupiriranso pakamwa pa abale. Ankakhulupirira nsalu, poti nsalu ilibe chisoni.

Ndiye Lachiwiri limenelo anati basi. Asiya makeke, asiya tchipisi, adya kabichi mpaka kumulota, ndipo diresi silinasunthe. Ngati matendawo akufuna kubwera, abwere awapeze atakhuta. Ananena mawu amenewa akuseka, koma m'maso munali misozi, ndipo ine ndinachita mantha enieni.

Ndinati andipatse diresilo ndilione, mwina linachepa pochapa. Ndinalowa kuchipinda, ndinasanthula mu wadiropu, osalipeza. Apo n'kuti makina akulira kutsogolo. Ndinati ndiwafunse achimwene ngati aliona, ndipo ndinakankha chitseko cha shopu osagogoda.

Diresi lobiriwira linali pansi pa singano, atalitembenuza kunja mkati. Achimwene anachotsa phazi pa chopondera n'kundiyang'ana modzidzimuka, mapini awiri ali pamlomo.

"Simunapite lero?"

Ndinalanda diresilo n'kuyang'ana msoko wa m'mbali. Munali mizere ya ulusi yambirimbiri, yoyandikana bwinobwino ngati mizere ya m'kope, uliwonse kulowa mkati pang'ono kuposa unzake. Ntchito yaukhondo, yoti wovala sangamve kanthu. Nthawi yonse imene ife tinkatuluka thukuta pa kamtunda, bambo ameneyu ankatsala akulondola mkazi wake ndi singano. Alamu akatsika pang'ono, iye amvekere diresi nalo litsike.

Ndinawalalatira, ndisaname. Ndinaiwala kuti ndi akulu kwa ine. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti mkazi wawo ali kukhitchini akumwa shuga chifukwa cha luso lawolo, ngati anagontha tsiku lija adokotala ankalankhula, ngati akufuna kulera mwana okha. Anachotsa mapini pamlomo mmodzimmodzi n'kuwabaya pa kapilo. Anati zoti diresilo ndi sikelo sankadziwa, palibe anawauza. Zimenezo zinali zoona. Tinkachita ngati chinsinsi cha azimayi.

"Nanga mumalisokeranji?" ndinafunsa.

"Adokotala ndinawamva, mlongo wanga. Mutuwu unamva. Koma tsiku lina analivala, ndinaona nsalu ikulendewera paphewa. Sindinaone munthu amene akuyenda m'mawa. Ndinaona uja ndinkamunyamula popita naye kubafa." Anapukuta magalasi ndi kansanza. "Ndinati ndingogwira pang'ono kuti ndisamaone. Sabata inayo linakhwepanso."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Tonse tinkasamala wodwala, koma palibe anafunsapo bambo ameneyu kuti zaka zija zinamusiyira chiyani. Kenako anandiuza kuti si lobiriwira lokha. Madiresi onse a mu wadiropu anali atawagwira, ndi masiketi omwe.

Alamu anali ataima pakhomo, kapu ili m'manja. Sindikudziwa kuti anamva kuyambira pati. Sanakalipe. Anaika kapu pa tebulo lodulira nsalu, pamalo pomwe achimwene salola ngakhale madzi, n'kuwauza kuti amasule zonse anasokazo, libwerere mmene linalili tsiku limene tinayamba kuyenda.

Achimwene anatenga kalumo. Anamasula mzere woyamba, wachiwiri, mpaka tiulusi tobiriwira tinadzaza pa maondo awo. Kasitomala wina anasuzumira pawindo kufunsa za thalauza lake, ine ndinamuuza kuti abwere mawa, telala ali pa opaleshoni.

Alamu anakavalira kuseri kwa katani. Atatuluka, diresi linali ngati lobwereka kwa munthu wina. M'chiuno munkalowa mikono iwiri. Anaima pagalasi long'aluka lija, anatsina nsalu m'mbali n'kuikoka, anatembenuka, anaikokanso. Anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo ine ndinalira nawo mopanda manyazi. Achimwene okha ndi amene anazyolika, akutola tiulusi pansi ngati ndi ntchito yofunika.

"Bambo, tandiyang'anani," anatero alamu.

Sanadzutse mutu. Alamu anakoka mpando, anapondapo phazi, anagwira dzanja la amuna awo n'kuliika pa katumba wa mwendo. Ine ndinayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma.

"Finyani. Kodi nthawi ija panali chimenechi?"

Achimwene anafinya, kenako anapukusa mutu.

"Kuonda kuja kunandipeza ndili gone. Uku ndakuyendera ndekha. Musandibisirenso."

Achimwene sanachotse dzanja pa mwendopo. Kenako, poti telala ndi telala, anafunsa ndi mawu otsika ngati alichepetse bwinobwino tsopano, awayeze ndi tepi. Alamu anati ayi. Likhale lolendewera choncho mpaka maso awo azolowere, ndipo azilionera panja, dzuwa likuwala, osati m'kachipinda muno.

Anavala nsapato zawo zamphira, tiyi uja anamusiya akuzizira pa tebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba tinatulukira khomo lakutsogolo. Tisanafike pa bekale ndinamva phakaphaka kumbuyo. Anali achimwene, atavala masilipasi, tepi ikadali m'khosi, shopu atatseka kukadali m'mawa. Ankayenda kumbuyo kwa mkazi wawo, maso ali pa diresi limene mphepo inkaliwomba uku ndi uku, ndipo sanayang'ane kumbali.

Pa kamtunda ka thanki mpweya unawathera achimwene. Anagwira mtengo wa magetsi uja, ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Alamu anali atatsala pang'ono kufika pamwamba. Anatembenuka, anawaona, ndipo anatsika n'kudzaima pambali pawo kuwadikira.