Lole Inali Itanyamuka

Mayi anali pakati pochapa, thovu mpaka m'zigongono, pamene mkazi wa kalipentala anasuzumira pampanda.

"Anzanga, mukadali pano? Mwana wanu woyendetsa malole uja waima pothirira mafuta. Akuti wakuimbirani kasanu!"

Foniyo inali m'manja mwa mwana wawo wotsiriza, mtsikana wapasukulu, amene anaitseka mawu kuti alembe bwino ntchito ya Chingelezi. Panali patatha zaka ziwiri mayi asanamuone mwana wawo wamkuluyo, ndiye sanafune ndi nsapato zomwe. Anathamanga akupukuta manja m'diresi.

Anapeza madontho a oyilo pasimenti basi. Wothira mafuta anawapatsa jumbo.

"Anadikira ndithu, mayi, koma katundu ndi wa eni. Wasiya sopoyu, ndi juziyi akuti mumusokere pachigongono."

Atabwerera kunyumba anapeza mtsikanayo atazyolika pakhonde, kope lili pamiyendo.

"Usandilirire, misozi sibweza lole," anatero mayi. "Chimene unanditsekera foni n'chiyani?"

"Aphunzitsi akuti tisankhe, left kapena had left. Yoyambayo ndiye kuti munthu wanyamuka inu mutafika. Yachiwiriyo wanyamuka musanafike."

"Lemba yachiwiriyo. Inayo ndi ya anthu amwayi."

Anatulutsa juzi ija kuti aiviike, koma inali kununkha dizilo ndi thukuta la mwini wake. Anaigwira kanthawi, kenako anaipinda n'kuiika pampando, kutali ndi beseni. Thovu linali litaphwa kale. Anabwezera manja m'madzimo, mulu wa zovala uli pomwe anausiya.