Mkamwini ndi Makapisozi Atatu

Kumudzi kwa Lufina, kufupi ndi Mlangeni, munthu amaloledwa kudwala malungo, chifuwa, ngakhale kuthyoka mwendo. Matenda amenewo amaoneka ndi maso, ndipo anthu amabwera kudzazonda atanyamula kabichi kapena mazira. Koma wina adwale matenda osatupa, osatentha thupi, makamaka akakhala mkamwini, dzina la matendawo silichedwa kupezeka. Amati ndi ulesi.

Ndilo dzina limene anamupatsa Paison, mwamuna wa Lufina. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala pachikamwini akulima mbatata ya kachewere m'munda wa akuchikazi, kulawirira mame asanakamuke, ndipo palibe anatsegulapo pakamwa kumuyamika. Chaka chatha mng'ono wake anafa pangozi ya njinga yamoto, ndipo kumaliroko Paison anabwerako thupi lokha. Tulo tinamuthawa, chakudya ankangochitosa, khasu linkamulemera. Ankakhala kuseri kwa nyumba ali ndwii, mtima n'kumamugunda popanda chomuthamangitsa.

Lufina anachita kumukoka kuti apite kuchipatala ku Ntcheu boma. Adokotala anafunsa mafunso ambirimbiri, kenako anati ndi matenda a maganizo ndi nkhawa, ndipo amachizika. Anapereka makapisozi makumi atatu, a mwezi wathunthu, ndi malangizo amene Lufina anawaloweza ngati katekisimu: mmodzi m'mawa uliwonse, osaphonya, osaonjezera, osasiya mwadzidzidzi, mowa ayi. Anachenjezanso kuti awa si mankhwala a malungo oti masiku atatu munthu wadzuka. Kusintha kumayamba kumveka pakatha masabata anayi, mwinanso asanu ndi limodzi.

Atangotha masabata awiri, Lachiwiri masana, malume ake a Lufina, a Cosmas, eni mbumba, anatulukira pakhomo manja ali kumbuyo. Mpando anaukana. Ankalankhula ndi Lufina, koma mawu ankawaponyera kuseri kwa nyumba kumene ankadziwa kuti Paison wakhala.

"Loweruka kuli dima lokwezera kachewere m'munda wa mayi ako. Mowa aphika kale, mudzi wonse ubwera kudzathandiza. Amuna akowa akapanda kuoneka ndi khasu, ndiitana ankhoswe awo adzawatenge. Mbumba yanga siiweta munthu wamkulu."

"Malume, akudwala. Buku la kuchipatala ndi ili, werengani nokha."

"Ndine dokotala ine? Wodwala amagona pamphasa n'kumabuula. Awa amayenda okha kupita kuchimbudzi."

Malume sayankhidwa kawiri. Koma Lufina anapsa mtima tsiku lonse, moti mapoto amene ankatsuka madzulo ake anadziwa kuti pakhomo pavuta. Paison anamva zonse.

Masiku otsatirawo bamboyo ankadzuka yekha kukamwa mankhwala asanakumbutsidwe, ndipo Lufina anakondwa, namusiyira kapepala ka makapisozi pawindo. Anaona ndithu kuti manja a mwamuna wake akunjenjemera, kuti akutuluka thukuta m'mawa wozizira wa ku Mlangeni, kuti akungozungulira pabwalo osakhazikika. Lufina anangoganiza kuti ndi mantha a Loweruka basi.

Loweruka anthu anadzaza munda, makasu akugwa pamodzi, nyimbo ili pakamwa. Paison anaima kumapeto kwa mzere nkhope itachita mbuu, nakwezera mizere iwiri akupuma mobanika. Amuna anzake anamuseka kuti akufa auka lero. Dzuwa litakwera, amayi anatula mitsuko ya masese pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo a Cosmas, pofuna kuti mudzi uone ukulu wawo, anatunga chipanda okha n'kuchipereka kwa Paison ndi manja awiri.

Mkamwini sakana chipanda chochokera m'manja mwa mwini mbumba, anthu onse akuyang'ana. Kukana n'kunyoza. Lufina anali kumunsi kwa munda ndi ndowa ya madzi pamutu, ndipo pamene ankaitula kuti athamange, mwamuna wake anali atagugudiza chipanda choyamba, chachiwiri chili kukamwa.

Sanamalize mzere wachitatu. Anasanza, miyendo inayamba kugwedezeka, kenako anagwa pakati pa mizere thupi lonse lili njenjenje. Wina anaseka kuti mkamwini wa masiku ano zipanda ziwiri zamugwetsa. Lufina anathamangira kunyumba kukatenga buku la kuchipatala ndi mankhwala, ndipo atagwira kapepala kaja anamva kupepuka. Munayenera kutsala makapisozi khumi ndi awiri. Munali anayi.

Wakabaza anawanyamula onse awiri, Paison ali pakati, mpaka kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kumeneko adokotala achizimayi, mayi Regina, anamugoneka pabedi, kumuyeza mtima, kumuika diripi. Kunjenjemera kutachepa anakokera mpando pafupi.

"Bambo, ndikufunsani mosabisa, inunso mundiyankhe mosabisa. Pomwa mankhwala ambiri chonchi, mumafuna kudzipha?"

Lufina anagwira chitsulo cha bedi. Funso limenelo linali m'maganizo mwake njira yonse, koma analibe mtima woti alifunse.

"Ayi," anatero Paison motsitsa. "Ndimafuna ndichire lisanafike Loweruka. Kachewere akagwidwa chiwawu, sitipopera mankhwala a masiku onse. Timathira supuni zitatu m'malo mwa imodzi. Ndiye ndinati inenso ndizimwa atatuatatu."

Pamenepo mantha a Lufina anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unatuluka wonse. "Ndinu munda inu, bambo a Tisungane? Ndinakhala nanu pabenchi tsiku lonse ku boma, tinamva limodzi kuti mmodzi. Mmodzi! Mukanafa m'mizere muja, mwana ndikanamuuza kuti bambo ake anadzipopera? Ngakhale kunditsina khutu, osatheka?"

"Mukanandiletsa," anatero Paison akuyang'ana kukhoma. "Ndiye malume akanandithamangitsa."

Mayi Regina anadikira kuti mpweya utsike, kenako analankhula mosakweza mawu. Anati mankhwalawa sathamangitsika. Kuonjezera sikufupikitsa masiku, kumangopweteka thupi, ndipo mowa umaonjezera moto pamoto. Paison agonekedwa mpaka Lolemba kuti amuone bwino, asamwenso kapisozi mpaka iwo atanena, ndipo akadzayambiranso ndi mmodzi yemwe uja. Ngakhale akadzamva bwino, adzapitiriza miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, ndipo posiya adzasiyitsidwa ndi achipatala, osati ndi iye mwini, osatinso ndi achibale.

"Mayi, kuyambira lero mankhwala azisunga ndinu, muziwapatsa m'manja m'mawa uliwonse. Mankhwala opopera mbewu aja mukawatsekere kumene iwo sangafike. Tsiku limene adzanene zotopa ndi moyo, musadzadikire tsiku lolembedwa m'buku, mudzabwere nthawi yomweyo. Munthuyu akufunika womuyang'anira, komanso pokhala popanda omukalipira."

Lolemba Lufina ndi Paison atafika pakhomo anapeza mipando itandandalikidwa kale pabwalo. A Cosmas sanataye nthawi. Anali ataitana a Eric, achimwene ake aakulu a Paison ochokera ku Nzama, amene anakhala chipewa chili pabondo, maso pansi. Mayi ake a Lufina anakhala pakhonde atafunda chitenje kumutu.

"Mwaona nokha, a nkhoswe," anayamba a Cosmas. "Khasu lawakanika, mowa wawakanika, atichititsa manyazi pamaso pa mudzi. Atengeni akapume kwanu. Akadzachira, ngati ndi matendadi, tidzakambirana."

Mkazi salankhula pabwalo la ankhoswe asanapatsidwe mpata, koma Lufina sanadikire mpata wa munthu. Sanagwadenso.

"Malume, chipanda chija anatunga ndani? Ndinakuuzani kuti munthu akumwa mankhwala, buku ndinakupatsani, munalikana. Munamuikira tsiku loti achire ngati mukuitanitsa msonkhano. Anamwa atatuatatu chifukwa choopa inu. Zaka zisanu ndi zinayi walima munda uja, malata ali panyumba ya amayi ndi thukuta lake, lero wadwala miyezi yochepa mwati simuweta munthu. Inu chaka chija munatupa bondo, anakulimirani ndani?"

"Iwe Lufina, ukulankhula ndi ine?"

"Ndi inu nomwe. Palibenso wina pano amene anafuna kundiphera mwamuna."

A Cosmas anaimirira, ndipo ananena kuti mawu awo sabwerera: mkamwini achoka lero, dzuwa lisanapendeke. Mwana wamkazi wa pamudzi ali ndi munda, ali ndi nyumba, ali ndi abale, sangasowe mwamuna wina wamphamvu zake.

Lufina anayang'ana a Eric. Ankawadziwa: munthu wabwino, koma wokhalira kumisika, wochoka mbandakucha n'kubwera kutada. Ku Nzama Paison akakhala yekha m'nyumba ya malemu mng'ono wake, kapepala ka makapisozi kali m'thumba, wopanda womufunsa kuti lero mwadzuka bwanji. Anaona bwinobwino mmene zikathere, ndipo zinamuwawa kuposa mawu onse a malume.

Analowa m'nyumba. Anakulunga zovala m'chitenje, anatenga mabulangete awiri, mapoto, buku la kuchipatala, ndi mayunifomu a Tisungane, mwana wawo wamkazi, amene anati akamudutsira kusukulu. Kumudzi kumeneko amene amachoka ndi mwamuna. Mkazi amabadwira pamunda wa mayi ake, amakalambira pomwepo, ndipo akausiya abale sachedwa kugawana. Lufina ankadziwa zimenezo pamene ankamanga mfundo yomaliza, ndipo misozi inkagwera pamfundopo, koma manja sanaleke kumanga.

Atatuluka ndi katundu pamutu, mayi ake anavundukula chitenje. "Mwana wanga, kachewere wako yense uja umusiyira yani?"

"Malume ali ndi mphamvu, amayi. Akumba."

Anadutsa m'mphepete mwa munda uja, mizere itakwezeredwa bwino, maluwa oyera atayamba kutuluka. Lufina sanatembenuze khosi. A Eric anali patsogolo ndi njinga, Paison akukoka miyendo pambuyo. Atafika pamsewu wafumbi bamboyo anaima.

"Mayi a Tisungane, ine sindinachire. Sindikumva kusintha kulikonse. Mwina mukutaya munda wanu pachabe."

"Ndikudziwa kuti simunachire. Anati masabata asanu ndi limodzi, inu mwatha atatu, ndipo amenewonso mwawasokoneza." Anakonza nkhata pamutu, osamuyang'ana. "Ndakwiya nanu, ndipo sindikudziwa kuti ndileka liti. Koma mawa m'mawa amene akufunseni kuti mwadzuka bwanji ndine. Tiyeni, mwana akuweruka."