Ufa wa Mabotolo Awiri

Mayi anali atatsuka kale botolo lopanda kanthu pamene mwana wawo wamkazi analowa m'chipinda chowerengera cha malemu bambo ake.

"Amayi, pano panali mabotolo awiri. Lina lili kuti?"

"Ndaphatikiza. Onse anali theka, ufa wake woyera chimodzimodzi."

Mtsikanayo anangokhala pansi. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro, ndipo mnzawo wa bambo wa ku labotale, amene onse ankawatchula kuti a Magalasi, anali m'njira kudzatenga mabotolowo.

"Amayi inu, si shuga ameneyu."

Nkhaniyi mayi ankaidziwa, kungoti inkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Zaka khumi ndi ziwiri bambo ankaifotokoza patebulo, chakudya chikuzizira. M'galasi lawo la ku labotale munkakhala madzi pansi, mafuta pamwamba, osagwirizana. Ufawo ndiye mtengatenga: umanyamula zam'madzi n'kuziwolotsera m'mafuta, komwe mankhwala amapangika. Koma mankhwalawo ali pawiri, ofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Ufa wa botolo lina umatulutsa amanja, ochiritsa. Wa botolo linalo umatulutsa amanzere, amene bambo ankati akhoza kuvulaza wodwala.

"Sefa ya kukhitchini singalekanitse?" mayi anafunsa.

"Singathe."

"Ndiye tingokhala chete. Adziwa bwanji? Zonse n'zoyera."

"Akapangira mankhwala, munthu n'kumwa?"

Apa mayi anachita mantha. Dothi la pamanda lisanaume, iwo anali atakwirira kale ntchito ya mwamuna wawo, chifukwa cha kudana ndi botolo losadzaza. Khalidwe limeneli anakwatiwa nalo: misomali, masamba a tiyi, zotsala za sopo, zonse ankaphatikiza, bambo n'kumangopukusa mutu.

Galimoto inaima panja. A Magalasi atalowa n'kupepesa, mayi sanadikire kuti akhale bwino. Anawapatsa botolo lodzazalo ndi manja awiri.

"Bambo, ndalakwa ndine. Ndasakaniza."

A Magalasi anavula magalasi awo, nkhope itagwa.

"Kapangidwe ka ufawu kanali m'mutu mwa malemu, mayi. Ankati adzalemba akachira. Mwina anasiya kapepala penapake?"

Mtsikana anayamba kutsegula madirowa, mapepala akugwera pansi. Yoyamba, palibe. Yachiwiri, zolembera zakutha zokhazokha. Kumapeto kwa dirowa yapansi anakhudza kachitini komata ndi tepi. M'katimo munali timabotolo tiwiri ta ufa uja, kena kojambulidwa dzanja lamanja, kena lamanzere, ndi pepala lopindidwa lofotokoza kapangidwe konse. Pachivundikiro panali zolemba za bambo, zopendama zija.

Mtsikanayo anawerenga mokweza: "Zosungira, za tsiku limene mayi adzakonze m'chipinda muno. Musawakalipire."

Mayi anapukuta maso ndi mkono. Anatenga kabotolo kamodzi kudzanja lamanja, kena kudzanja lamanzere, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kugalimoto, manja atatalikirana.