Ndege ya Pamanda a Custódio

Arlindo, mng'ono wa malemu Custódio, ananyamula ndege ziwiri zamalata, ina kumanja ina kumanzere, n'kumaziyesa kulemera ngati akugula nkhuku pamsika wa Tsangano.

"Pamanda a achimwene tiikapo imodzi," anatero. "Tisankhe."

Zulmira, mkazi wa malemu, anali pamkeka kuseri kwa amuna, mutu atameta dzulo lake. Kuno wamasiye sayankhula pabwalo la abale a mwamuna. Ndegezo anazikhoma Custódio yekha ndi zitini za mafuta: yaitali inali MiG-21, imene pa Chipwitikizi amati vinte e um, yaifupi inali MiG-17, dezassete. Nthawi ya nkhondo anali mekaniku wa ndege zankhondozi, ma MiG a tropa, asilikali a boma, ku Beira. Kuuluka ayi, sanaulukepo ndi kamodzi komwe, koma pakamwa pake ndege zinkamenyana tsiku lililonse mpaka mbatata kupserera pamoto.

"Apa palibe nkhani," anatero Clemente, mng'ono wina wa ku Furancungo. "Vinte e um iyi, yaitaliyi. Ikathamanga imasiya phokoso lake m'mbuyo. Dezassete ikakumana nayo m'mwamba ingatani, kanthu kafupi ngati chitsononkho?"

"Zoona," anavomera Arlindo. "Munthu wamkulu, ndege yaikulu."

Anthu awanso, zaka makumi atatu akumva Custódio akufotokoza, osatolapo kanthu. Zulmira mtima unamuwawa, chifukwa iye ankadziwa. Akaweruka kumunda bamboyo ankati, "Yaikuluyi imathamangadi, koma ikati ikhote imakakhotera ku Malawi. Yaing'onoyi imakhotera pabwalo pompano, n'kupezeka ili kumchira kwa inzake. Ine ndimakonda iyi, imadziwa kubwerera." Ndipo iyenso anabwereradi nkhondo itatha, n'kukamutenga Zulmira kumsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu, pomwe anzake ena anangolowerera ndi akazi a m'tauni.

"Alamu," anayamba Zulmira, "iwo aja ankakonda..."

"Mayi, pumulani," Arlindo anamudula mwaulemu ndithu, osamuyang'ana. "Za ndege n'za amuna."

Anakhomera vinte e um pamtengo n'kupita nayo kumanda. Yaing'ono ija anaisiya pansi pafupi ndi khola, nkhuku zikuijompha.

Zulmira anaitola, naipukuta ndi chitenje chake chakuda. Anaikweza m'mwamba monga ankachitira mwamuna wake, nailozetsa kunjira ya kumanda. Kenako anapinda dzanja pang'onopang'ono, mpaka mphuno ya ndege inayang'ana pakhomo la nyumba.